Fayilo yanga yowerengera mtengo wa nyumba ikugawidwa ulere, ndingaitseke bwanji?

Tepi_ndi_Pensulo
Moni nonse a pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata ino. Ndagwira ntchito yowerengera zipangizo ndi mitengo ya zomanga kwa zaka 11, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikukonza fayilo yanga ya Excel pang'onopang'ono, usiku ndikaweruka. Mumalowetsamo kutalika kwa makoma, msinkhu wake, kuya kwa maziko, kukula kwa silabu ndi kupendekeka kwa denga. Iyo imakutulutsirani matumba a simenti, mchenga, miyala, njerwa kapena mabuloko, zitsulo, matabwa, malata mpaka malipiro a amisiri, kenaka koteshoni yongosindikiza n'kukapereka kwa mwini nyumba. Chaka chatha anzanga anandilimbikitsa kuti ndiziigulitsa, ndipo anthu 14 anagula.

Lachiwiri lapitali mnyamata wina amene sindikumudziwa wandilembera kuti tsamba la denga likungomuonetsa #REF! paliponse, chizindikiro cha Excel choti fomyula yasowa kolozera. Nditamufunsa kuti anagula liti, wati sanagule, anapatsidwa ndi mnzake, mnzakeyonso anapatsidwa ndi wina. Dzina langa lomwe linali pamwamba analichotsa, nambala yanga anaipeza pa tsamba lomaliza pomwe wochotsayo sanafike. Mtima wandiwawa kwambiri. Ndalama n'zina, koma chikundipweteka ndi thukuta la zaka zonsezi. Inu amene mumagulitsa mafayilo otere, mumatseka bwanji kuti asakopedwe? Kapena ndingoisiya bizinesi imeneyi?

Chitsulo12
Pepani kwambiri achimwene. Koma ndikuuzeni zoona kuti musataye nthawi: loko amene mukumufunayo kulibe. Protect Sheet ija, loko wa mu Excel wotsekera tsamba, ntchito yake n'kuletsa munthu kufufuta fomyula mwangozi, ndipo a Microsoft eni ake amanena kuti sinapangidwire kulimbana ndi akuba. Fayilo ya .xlsx ndi zip chabe, m'kati mwake muli timafayilo ta XML, wodziwa amachotsa lokoyo madzi asanawire n'komwe. Pasiwedi yotsegulira fayilo yonse ndiyo yolimba, koma wogula muyenera kumupatsa, ndipo akamagawa fayilo amagawira limodzi ndi pasiwediyo.

Tepi_ndi_Pensulo
Ndiye kuti palibiretu chochita?

MayiWaMapulani
Chochita chilipo bambo, kungoti sichili kumene mukuyang'anako. Ine ndagulitsa mafayilo ngati amenewa kwa zaka 4. Chaka choyamba ndinali ngati inuyo, kubisa masamba, kuika mapasiwedi atatuatatu. Amene ndinawavutitsa anali olipira okhaokha. Munthu wagula ndi ndalama zake, akufuna kuwonjezera mzere wa chitseko chachitsulo, fayilo ikukana, mpaka andiimbire. Wakuba uja ankagwiritsa ntchito yotsegula kale, momasuka kuposa wogula.

Taonani zimene zakuchitikiranizi. Mnyamatayo fayilo ali nayo, koma wabwerabe kwa inu. Fayilo yopanda mwini wake imafa msanga. Mitengo imasintha, fomyula imaduka, munthu sadziwa chifukwa chimene pamchenga paikidwira nambala yakutiyakuti. Panopa chimene anthu amandilipira n'choti sangachitumize kwa mnzawo. Ndimakhala nawo maola awiri kuwaphunzitsa pa pulani yawo yeniyeni, ndimawaikira dzina la kampani yawo ndi mitengo ya kumene amagula zipangizo, ndipo kwa chaka chathunthu akakakamira amandifunsa. Walira mvula walira matope. Chinthu chimene chimafika kwa wogula m'kuphethira kwa diso chimafikanso kwa mnzake m'kuphethira komweko, tinachivomereza tsiku limene tinasankha kugulitsa fayilo.

Levulo_Yowongoka
Ndilankhuleko ngati wogula, chifukwa ogulitsanu mukuona mbali imodzi. Ndinagulapo fayilo pa intaneti, yooneka bwino kwambiri, yamitundumitundu. Inali yotsekedwa paliponse kupatula timabokosi tachikasu tolembamo miyeso. Ntchito yoyamba inali silabu ya masikweya mita 100, yokhuthala masentimita 10, ndiye kuti makiyubiki mita 10 a konkire wa 1:2:4 (gawo limodzi la simenti, awiri a mchenga, anayi a miyala). Fayilo inati matumba 74. Ndinakayikira pang'ono, koma ndinadziuza kuti wopangayo akudziwa kuposa ine, n'kugula 74. Titamaliza kuthira, matumba 10 anatsala ali mulu pakona, mwini nyumba akundiyang'ana ngati ndimafuna kumubera.

Madzulo ake ndinakhala pansi ndi pensulo. Kiyubiki mita imodzi ya konkire imafuna zouma pafupifupi 1.54, chifukwa simenti ndi mchenga zimalowa m'mipata ya miyala. Mugawe ndi 7 (1+2+4), mupeza 0.22 ya simenti. Muchulukitse ndi makilogalamu 1,440, kulemera kwa kiyubiki mita imodzi ya simenti, mupeza pafupifupi 317, omwe ndi matumba 6.3 a makilogalamu 50. Pa makiyubiki 10 ndi matumba 63 kapena 64. Nanga 74 anachokera kuti? Wopangayo anawerengera thumba la ku America la mapaundi 94, lomwe ndi makilogalamu 42.6 okha, ndipo nambalayo anaikwirira m'kati mwa fomyula yotsekedwa. Akanaiika poyera ndikanaiona tsiku loyamba n'kuisintha. Chichokereni pamenepo fayilo imene sindingaone m'kati mwake sindiigula, ngakhale itatchipa chotani.

Chitsulo12
A Tepi, mwamva? Loko amene mukumufunayo ndi yemweyu anawonongetsa matumba 10 kwa a Levulo.

KapitawoWakale
Ana anga, ine ndinayamba kumanga makompyuta asanafike pa saiti, ndi kabuku ka m'thumba ndi tepi. Sindidana nazo zinthu zanuzi. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi achinyamata amene akubwera ndi pepala losindikizidwa bwino koma pamalopo sanapondepo. Fayilo sidziwa kuti dothi ndi lofewa ndipo maziko alowa pansi kuposa mmene pulani ikunenera. Sidziwa kuti galimoto ya mchenga sifika, mututa ndi wilibala mamita 80. Sidziwa kuti madzi ali kutali. Chaka chatha ndinaona koteshoni ya mnyamata wina, manambala olondola mpaka msomali. Koma munalibe sikafodi, munalibe mlonda, munalibe chimbudzi cha antchito, munalibe kosungira simenti mvula ikagwa. Makoma asanafike pa lintala ndalama zinali zitamuthera, anabwera kwa ine misozi ili m'maso. Amene mukugulitsa zinthuzi dziwani kuti mukugulitsanso kwa anthu ngati ameneyo.

Fomyula_Yanga
Bambo, ndi ulemu wonse, kabuku ka m'thumba nakonso sikadziwa kuti dothi ndi lofewa. Amene mumadziwa ndinu. Wolakwa ndi wopanga fayilo amene sanaikemo tsamba la ma preliminaries, zoyendetsera saiti monga sikafodi, mlonda ndi chimbudzi zija.

KapitawoWakale
Wanena zoona mwana wanga. Ndiye ikanimoni. Tsamba loyamba lisakhale la simenti, likhale la mafunso. Pamalopo mwafikapo? Msewu ulipo? Madzi atungidwa kuti? Zipangizo zigona kuti? Munthu asaone mtengo asanayankhe zimenezo.

Chitsulo12
Poti tafika pa zimene mafayilo amaphonya, ine changa ndi zitsulo. Pafupifupi onse amene ndawaona kulemera amawerengera bwino. Mamilimita a kunenepa kwa chitsulo kuchulukitsa ndi iwo omwe n'kugawa ndi 162: cha 12 chimalemera makilogalamu 0.888 pa mita, cha 10 ndi 0.617, cha 16 ndi 1.58. Pamenepo palibe vuto. Vuto limabwera pogula, chifukwa chitsulo sagula ngati chingwe chodula pa mpukutu, nthawi zambiri chimabwera chotalika mamita 12. Tinene kuti mukufuna zidutswa 30 za mamita 5. Fayilo imaphatikiza n'kupeza 150, kugawa ndi 12, n'kukuuzani kuti gulani 13. Pitani pa benchi yodulira mukaone. Chitsulo chimodzi chikupatsani zidutswa ziwiri, n'kutsala mamita 2 amene sangakhale chidutswa chachitatu. Mukufunika 15. Apo sitinawerengere polumikizira pomwe zitsulo zimapitirirana, ndi zopinda za kumapeto. A Tepi, yanu imatani pamenepa?

Tepi_ndi_Pensulo
Yanga imagawa ndi 12 n'kuwonjezera 10 peresenti ya zotayika. Ndayesa chitsanzo chanu pompano, ikupereka 14. Chimodzi chikuperewerabe. Zikomo achimwene, ndikonza kuti iziyamba yapeza zidutswa zotuluka m'chitsulo chimodzi ndi ROUNDDOWN, kenaka chiwerengero cha zitsulo ndi ROUNDUP.

Wophunzira_QS
Mwina mundikalipira koma ndinene. Ndili chaka chachiwiri pa maphunziro a quantity surveying, owerengera zipangizo ndi mitengo ya zomanga, ndipo mafayilo atatu amene ndili nawo onse ndinapatsidwa, sindinagule ngakhale imodzi. Ndalama yogulira ndinalibe. Koma ndi m'mafayilo amenewo momwe ndinamvetsera zimene m'kalasi zinkandidutsa, monga chifukwa chimene buloko la mamilimita 400 ndi 200 amaliwerengera 12.5 pa sikweya mita, ndi kuchotsera mazenera ndi zitseko musanachulukitse. Ndinkatsegula fomyula iliyonse n'kuilondola mpaka komwe yachokera. Kodi pamenepa ndamubera ndani, poti ndikanapanda kupatsidwa sindikanagulabe?

Levulo_Yowongoka
Mwamubera amene anaipanga. Kusowa ndalama sikusandutsa cha mwini kukhala chanu. Mawa mukadzapanga yanu mudzamva kuwawa kwake.

MayiWaMapulani
A Levulo sakunama, koma mwanayu wanenanso chinthu chofunika kuti ogulitsafe timve. Pali anthu amene lero sangagule, koma zaka zitatu zikubwerazi ndiwo adzakhale akulemba makoteshoni. N'chifukwa chake ine ndili ndi kafayilo kakang'ono kaulere pa Google Sheets, ka makoma ndi silabu basi, aliyense atha kukakopa. Dzina langa lili pa tsamba lililonse. Ambiri mwa amene amandilipira anayambira pamenepo. Koma inu a Wophunzira, dzina la wopanga musamalichotse, ndipo tsiku limene mudzapangire ndalama ndi fayilo ya munthu, mudzamufunefune mukamulipire.

Wophunzira_QS
Ndamva mayi. Imodzi mwa zitatuzo dzina la mwini wake likadalipo, ndimulembera sabata ino.

Kalaliki_wa_Saiti
Ndipatuke pang'ono. Pali cholakwika chimene ndachipeza m'mafayilo angapo ogulitsidwa, ndipo chikudya makontilakita mwakachetechete. Pamalembedwa kuti phindu 20 peresenti, fomyula n'kuchulukitsa ndi 1.2. Ntchito yodya 100 mumaitchaja 120. Phindu lanu ndi 20 pa 120 amene mwalandirayo, ndiye kuti 16.7 peresenti. Ngati mukufuna kuti pa ndalama zonse zimene kasitomala walipira 20 peresenti ikhale yanu, mugawe ndi 0.8, mtengo ukhale 125. Njira zonse ziwiri zimagwiritsidwa ntchito, koma fayilo inene poyera kuti ikutsata iti, chifukwa munthu amapita kukalonjeza ku banki ndi kunyumba phindu lomwe kulibe.

Denga_la_Malata
Kusiyana kwa 5 yekhayo n'koti tidandaule nako?

Kalaliki_wa_Saiti
Pa 100 kukuoneka kochepa, yesani pa nyumba yathunthu. Komanso kumbukirani retention. M'makontilakiti ambiri mwini ntchito amasunga 5 kapena 10 peresenti ya malipiro aliwonse, ndipo ina mumailandira pokhapokha nthawi yokonza zolakwika itatha. Ngati phindu lanu lenileni ndi lochepa kuposa mmene mumaganizira, mupeza kuti gawo lalikulu la phindulo lili m'manja mwa kasitomala kwa miyezi, inu mukulipira amisiri za m'thumba mwanu.

Denga_la_Malata
Chabwino, ndamva. Nanenso ndiponyepo langa. Pulani imaonetsa denga ngati mukuliona muli kumwamba, lafulati, pomwe malata amagona chopendekeka. Denga la madigiri 30 mugawe kukula kwake kwa pa pulani ndi 0.866, yomwe ndi COS ya madigiri 30, liwonjezekera ndi 15 peresenti ndi pang'ono, musanawerengere kupitirirana kwa malata ndi gawo lotuluka kunja kwa khoma. Ndipo chenjerani, COS ya mu Excel imafuna ma radian, osati madigiri. Mukangolemba COS(30) ikupatsani 0.154, denga lanu likula koposa ka 6. Lembani COS(RADIANS(30)). Cholakwika chachikulu chotere chimaonekera msanga, choopsa ndi cha amene saikamo kupendekeka n'komwe, chifukwa nambala imaoneka yabwinobwino mpaka tsiku lokhoma malata.

Fomyula_Yanga
Tibwerere kwa a Tepi. Musanaganize za akuba, ganizani za wogula amene fayilo ikumukanira kutseguka bwino, chifukwa ameneyo ndiye amapita kukauza anzake kuti musagule. Ngati mwagwiritsa ntchito XLOOKUP, fomyula yofufuzira chinthu mu ndandanda, dziwani kuti mu Excel 2016 ndi 2019 mulibe, munthu wa kompyuta yakale aona #NAME? basi. INDEX ndi MATCH zimagwira ntchito yomweyo ndipo zimayenda paliponse, mu Excel wakale, mu Google Sheets ngakhale mu LibreOffice Calc yomwe ndi yaulere. Ma macro a VBA, timapulogalamu tolembedwa m'kati mwa fayilo, ndiye muwaganizire kawiri. Pa foni sayenda, mu Google Sheets sayenda, ndipo kuyambira 2022 Excel amatsekereza ma macro a fayilo yochokera pa intaneti mpaka munthu atapita kukawalola yekha. Wogula wosazolowera akaona chenjezo lofiira pamwamba amaganiza kuti mwamutumizira vairasi.

Ine yanga ndinaigawa patatu. Tsamba limodzi la mitengo ya zipangizo ndi malipiro, pomwe mtengo wa simenti umalembedwa kamodzi kokha. Tsamba lina la manambala onse ongoganizira: kulemera kwa thumba, 1.54 uja, kutalika kwa chitsulo, zotayika za njerwa, za matailosi, za matabwa, chilichonse ndi chifukwa chake pambali. Kenaka masamba owerengera, omwe m'fomyula zake mulibe nambala yolemba pamanja ngakhale imodzi. Amenewa ndimawatseka popanda pasiwedi, kuti chala chisaphonye, koma wofuna kuona atsegule.

WaFoniYokha
Zikomo potikumbukira ife a foni. Laputopu pa saiti siyenda nafe, fumbi ndi simenti zingaiphe. Ndikakhala pamwamba pa sikafodi kasitomala n'kundifunsa kuti tikawonjezera zenera limodzi zikhala zingati, ndimatsegula pa foni. Fayilo ya mizere yotsika 30 pa foni ndi chilango. Pangani timabokosi tolembamo tikhale kumanzere, totsatizana kutsika m'munsi.

Kalaliki_wa_Saiti
Chimene ine ndingalipire ndi mtima wonse, ndipo ndimachisowa m'mafayilo ambiri, ndi theka lachiwiri la ntchito. Onse amathera pa koteshoni, ngati kuti ntchito ikapezeka nkhani yatha. Kontilakita sagwa tsiku lolemba koteshoni, amagwa mwezi wachitatu, pamene ndalama ya denga yadyedwa ndi maziko iye osadziwa. Ku ntchito kwathu ndimasunga tsamba limodzi lolembamo chilichonse chogulidwa: tsiku, chinthu, kuchuluka, ndalama, ndi gawo la nyumba lomwe chapita. SUMIF imasonkhanitsa zonse za maziko, zonse za makoma, zonse za denga, n'kuziika pambali pa zimene tinakonza mu bajeti. Lachisanu lililonse abwana amayang'ana mizere itatu yokha, zomwe tinakonza, zomwe tawononga, ndi zomwe zatsala kuti gawolo lithe.

Mzere wachitatuwo ndiwo anthu amauiwala. Kuona kuti mwawononga 60 peresenti ya ndalama ya makoma sikukuuzani kanthu ngati simukudziwa kuti makomawo afika pa theka kapena atsala pang'ono kutha. Pakhalenso tsamba la zosintha. Mwini nyumba akati sunthani khoma ili, onjezani soketi apa, zilembedwe tsiku lomwelo ndi mtengo wake, asayine. Mikangano yambiri imene ndaiona kumapeto kwa ntchito imachokera pa zosintha zimene zinangonenedwa pakamwa. Ndipo ndalama ya zadzidzidzi, kaya ndi 5 kapena 10 peresenti, ikhale mzere wakewake wooneka, isabisidwe m'mitengo ya zinthu, kuti ikamatha muziona kuti ikutha.

KapitawoWakale
Apa ndiye mwandikhudza. Zimene mukunenazi ndi zomwe ndinkalemba kumbuyo kwa kabuku kanga, koma kuphatikiza kwake kunkanditengera Loweruka lonse. Ngati fayilo ingandiuze Lachisanu kuti simenti ikutha msanga kuposa khoma, imeneyo ngakhale ine wokalamba ndigula.

MayiWaMapulani
A Tepi, mwamumva kasitomala wanu wa nambala 15? Onaninso kuti tsamba limene a Kalaliki akunenali munthu amalitsegula sabata iliyonse, pomwe la koteshoni amalitsegula kamodzi pa ntchito. Amene amatsegula fayilo yanu sabata iliyonse amafuna mukhale pafupi.

Za kogulitsira, malo ngati Etsy ndi Gumroad amalola kugulitsa mafayilo, wogula akalipira amatsitsa yekha. Kumeneko mafayilo ndi ambirimbiri ndipo wogula nkhope yanu saiona, choncho chimene chimandithandiza ine ndi kakanema ka mphindi zitatu: ndimatenga pulani ya kanyumba ka zipinda ziwiri, kulowetsa miyeso anthu akuona, mpaka koteshoni itatuluka. Ndimalembanso momveka kuti fayiloyi ndi ya mamita ndi makilogalamu, ndi ya nyumba zazing'ono zokhalamo, ndipo mitengo yomwe ilimo ndi yachitsanzo chabe, wogula aike yake. Ena amabwerera akawerenga zimenezo, ndipo ndi bwino abwerere asanalipire kusiyana n'kuti adzandidandaulire pambuyo. Musayese kupanga fayilo ya aliyense. Ya wopenta yokha, ya woyala matailosi yokha, ya denga lokha, zimenezo munthu amazimvetsa msanga kuposa chimfayilo cha masamba 20.

Fomyula_Yanga
Chimodzi chinanso, ikani timabokosi todzifufuza. Zonse za magawo a nyumba zikaphatikizidwa zifanane ndi zonse za zipangizo ndi malipiro, zikasiyana pafiire. Cholakwika chofala kwambiri ndi cha SUM amene sakufika pansi: wogula wawonjezera mzere kumapeto, fomyula yaima pa mzere wakale, chinthu chatsopanocho sichikuwerengedwa. Musaganize kuti zimachitikira osaphunzira okha. Mu 2013 wophunzira wina wa pa University of Massachusetts Amherst, Thomas Herndon, anapeza kuti mu spreadsheet ya akatswiri a zachuma Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff fomyula inasiya kunja mayiko 5, ndipo kafukufuku wawoyo anali atatchulidwa kale ndi andale ambiri. Anachipeza chifukwa eni ake anamupatsa fayilo n'kuona m'kati. Ikanakhala yobisidwa, bwenzi akungodabwa kuti manambala sakugwirizana.

Injiniya_Wamng'ono
Ndawerenga zonse ndipo ndili ndi pempho limodzi kwa ogulitsa nonse. Fayilo iwerengere kuchuluka ndi mtengo, isasankhire munthu kukula kwa chitsulo kapena kwa bimu. Ndinaonapo ina imene mukalemba kutalika kwa chipinda imakuuzani yokha kuti ikani zitsulo za 12 zinayi. Sikudziwa chimene chili pamwamba pa bimuyo, kaya ndi denga la malata kaya ndi nyumba ina yosanja. Kuperewera kwa simenti ndi nkhani ya ndalama, koma bimu ikaperewera pansi pake pamakhala anthu. Kukula kwa zitsulo, mphamvu ya konkire ndi kuya kwa maziko zichokere pa mapulani a injiniya, wogula azingokopera m'fayilo. Zimenezi zilembedwe pa tsamba loyamba ndi zilembo zikuluzikulu.

Levulo_Yowongoka
Pamenepa palibe wotsutsa.

Denga_la_Malata
A Tepi mwangoti zii. Nanga mnyamata wa #REF! uja munamuyankha?

Tepi_ndi_Pensulo
Ndinali kuwerenga, abale anga, ndipo ndathokoza aliyense. Mnyamatayo ndamuyankha usiku wathawu. Ndinamuuza anditumizire fayilo yomwe ali nayo, ndipo nditaitsegula ndinapeza gwero lake. Amene ankachotsa dzina langa sanangofufuta mawu, anachotsa mizere itatu yoyamba yathunthu. Mu mzere wachitatu, chakumanja, ndi momwe ndinaika madigiri a denga, ndiye fomyula zonse za malata ndi matabwa zinasowa kolozera. Chimene chandiopsa kwambiri ndi china. Pa tsamba la makoma wina anasintha zotayika za njerwa kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 0, ndipo pamenepo palibe chenjezo lililonse, nambala ikungotuluka ngati yolondola. Pali anthu kunjaku amene akulemba makoteshoni operewera ndi fayilo imene inachokera m'manja mwanga.

Ndiye ndachita chonchi. Mnyamatayo ndamukonzera, sindinamulipiritse, koma ndamupempha auze amene anamupatsa kuti yomwe ikuyendayo ndi yowonongeka. Anthu 14 aja ndiwatumizira yatsopano ikatha, yokhala ndi zitsulo zokonzedwa mmene anenera a Chitsulo12, tsamba la mafunso la bambo Kapitawo, ndi manambala onse ongoganizira pa tsamba limodzi loonekera. Tsamba la bajeti la a Kalaliki linditengera nthawi, mwina mwezi. XLOOKUP ndili nayo m'malo 9, ndayamba kale kuisintha. Kuwawa kwa dzina langa lochotsedwa sikunathe, ndisaname. Koma loko ndasiya kumufunafuna.

Pali amene ali ndi LibreOffice kapena Excel 2016 woti andiyesere ndisanatumize?

Wophunzira_QS
Ine ndili ndi LibreOffice pa laputopu ya kusukulu. Ndingayese tsamba lililonse ndi pulani yomwe tinawerengera pamanja m'kalasi, tione ngati zikufanana.

WaFoniYokha
Ya pa foni nditumizireni ine, ndikaiyesera pa saiti Lolemba.

Chitsulo12
Tsamba la zitsulo likatha ndione kaye. Ndili ndi ndandanda yodulira ya silabu yomwe tinathira mwezi watha, ndikudziwa zitsulo zomwe tinagula ndi zidutswa zomwe zinatsala pansi pa benchi.